Mikango Iwiri Pachifuwa

Ku Fordsburg, pamwamba pa shopu ya matayala,
tilipo asanu ndi mmodzi, makina anayi,
zenera limodzi loyang'ana khoma la eni ake.
Oda ya khonsolo inabwera mu Juni, zala zitauma ndi chisanu:
mabaji mazana asanu ndi atatu,
iliyonse mikango iwiri yoimirira ngati anthu,
itagwira chishango chobiriwira uku ndi uku
ngati ana olimbirana mbale.

Ndinafunsa a Ismail kuti mikangoyi imagona kuti mumzinda muno.
Anati, soka, Esinati, nyama sizikukhudza.

Ndinasoka.
Ulusi wagolide ndi wamwano, umaduka ukaukoka,
umapotana ukaunyengerera.
Mawu a m'munsimo amakamba za umodzi ndi chitukuko,
koma ine amandifika chadodolido,
ndimawadziwa ndi chala, osati ndi maso.

Filipo, amene anakhalako ku Thekwini,
akuti mizinda ya kugombe ili ndi pothawira maso:
ukatopa ndi khonsolo umakayang'ana madzi.
Ku Joni kulibe gombe.
Kuli milu yachikasu imene migodi inasanza,
ndipo mphepo ya Ogasiti ikaiseweretsa
mafunde ake amatipeza m'mano.
Bambo a bambo anga anakumba nawo milu imeneyo.
Anabwerera ku Ntcheu ndi jekete, wailesi,
ndi chifuwa chimene chinawaperekeza kumanda.

Nyumba ya khonsolo sindinailowepo.
Ndimaiona ndili m'minibasi ku Braamfontein,
yobulungira ngati nkhokwe yagalasi.
Akuti makhansala amakhala mozungulira
kuti pasapezeke wobisala kumbuyo kwa mnzake.
Akuti amakangana mpaka usiku,
manja m'mwamba, manja pansi,
unyolo wa meya nkumasamuka khosi ili, khosi ilo.
Ife kwathu mpopi unangoti tsokomo,
nkukhala chete masiku asanu ndi anayi.

Baji ina magetsi anandithawa ndili pakati pa mchira.
Ndinamaliza pamanja, foni ili kukamwa kuwunikira.
Mchirawo unapindika ngati mbedza.
Ndinaibisa pakati pa zinzake, inapita.

Lachisanu lina pa Bree,
mng'ono wanga Lusiya atayala mapeyala ndi tomato,
inaima galimoto.
Anatsika anthu atatu, osathamanga, osakalipa,
ngati obwera kudzatenga zawo.
Wamtali uja anawerama kunyamula kreti,
ndipo pachifuwa pake, kumanzere, pamene mtima umagunda,
ndinauona: mkango wa mchira wambedza.

Pakamwa panga panadzaza mawu.
Achimwene, umenewo ndi wanga.
Ndinausoka ndi singano nambala leveni,
unandibaya pa chala ichi, onani.
Koma mapepala anga anatha mu Febuluwale
ndipo lilime langa limandiulula ndisanamalize moni.
Ndinatola tomato mmodzi wogubuduzika,
ndinamupukuta pa siketi.
Lusiya sanalire. Anawerenga makreti otsala: palibe.

Lolemba kunabwera oda ina, chikwi ndi mazana awiri.
A Ismail anagula mabanzi, akuti tayamikiridwa,
akuti ntchito yathu ndi yaudongo.
Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, ndinaulowetsa.

Michira ndimaiwongola tsopano, yonse ili tolotolo,
kupatula umodzi pa zana lililonse.
Umenewo ndimaupinda dala.
Ukupita kwa wotola zinyalala ku Yeoville,
kwa wodula magetsi, kwa mlonda wa pachipata chawo chija,
mwina tsiku lina udzalowa m'nkhokwe yagalasi
nkuima kumbuyo kwa mpando waukulu.
M'kaundula wa mzinda dzina langa mulibe.
Ndikamayenda mumsewu sindiyang'ana nkhope,
ndimayang'ana pachifuwa.
Pofika dzulo ndapeza isanu ndi iwiri.